Kodi mneni “get” adachokera kuti, nanga tanthauzo lake lenileni ndi liti?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa Chingerezi pasukulu ina ya sekondale yoyendera ku Ntcheu: “Ana anga a Fomu 2 andipanikiza ndi mneni ‘get’. Titatsegula dikishonale tidapeza matanthauzo ambirimbiri, ndiye mtsikana wina adafunsa kuti, ‘Madamu, nanga lenileni ndi liti?’ Ndidasowa chonena. Ife tili pasukulu ankatichotsera malikisi tikalemba ‘got’ m'chimangirizo, amati n'Chingerezi chaulesi. Pano ana akubweranso ndi ‘gotten’ wa m'mafilimu. Kodi mawu amenewa adachokera kuti, ndipo ndiwaphunzitse bwanji?”

Madamu, mtsikana ameneyo mutu wake umagwira, ndipo funso lake lili ndi yankho. Tanthauzo lenileni, kunena lakale kwambiri limene ena onse adaphukapo, ndi kugwira chinthu n'kuchitenga kuti chikhale chako. Enawo sadabwere mwachisawawa ayi. Adabadwa limodzilimodzi pa zaka pafupifupi 800, lina kubala linzake, moti mukadziwa mzere wake simufunikanso kuloweza tsamba lonse la dikishonale. Koma tiyambe ndi kwawo kwa mneniyu, chifukwa Angerezi ambiri sadziwa kuti mawu amene sachoka pakamwa pawowa adachita kubwereka, ndiponso kwa anthu amene ankawaotchera matchalitchi.

M'chaka cha 793 zombo zochokera ku Scandinavia, dera la mayiko a Denmark, Norway ndi Sweden, zidakocheza pachilumba cha Lindisfarne, kumpoto chakum'mawa kwa England. Anthu ake, amene mbiri imawatchula kuti ma Viking, adapha amonke ndi kufunkha chuma cha m'nyumba yawo yopemphereramo. Kwa zaka zambiri ankangobwera kudzalanda n'kubwerera kwawo. Mu 865 kudafika chigulu cha nkhondo chimene sichidaganizenso zobwerera, ndipo chaka chotsatira chidalanda mzinda wa York. Mfumu Alfred ya ku Wessex, ufumu wa kumwera kwa England, idawagonjetsa ku Edington mu 878, kenako idagwirizana malire ndi mtsogoleri wawo Guthrum. Kumpoto ndi kum'mawa kwa dzikolo kudatsala m'manja mwa obwerawo, dera limene pambuyo pake lidatchedwa Danelaw. Kumeneko adagawana minda, adayamba kulima, adakwatira ana aakazi a eni nthaka. Mukaona mapu a England lero mupeza Grimsby, Whitby, Derby ndi malo ena mazanamazana a mayina othera ndi “by”. Amenewo ndi mawu awo otanthauza mudzi.

Chilankhulo cha obwerawo, Old Norse, chidali pachibale chapafupi ndi Chingerezi cha nthawi imeneyo, ngati mmene Mchewa ndi Mnsenga amakumanirana pamsika ku Chipata, aliyense n'kumalankhula chake koma malonda n'kutheka. Zilankhulo zikayandikana chonchi, anthu sabwerekana mayina a zinthu zachilendo okha, amabwerekana ndi mawu a m'nyumba omwe. Chingerezi chidatenga “take”, “call”, “egg”, “leg”, “skin”, “sky”, “window”, “husband”, ngakhale alowam'malo “they”, “them” ndi “their”, chinthu chosachitikachitika pakati pa zilankhulo. Yerekezani ndi mawu amene adadza ndi Chifalansa anthu a ku Normandy atalanda England mu 1066: “court”, “judge”, “parliament”, “government”. Amenewo ndi a bwalo la milandu ndi a kunyumba yachifumu. A ma Viking ndi a pakhomo, otuluka m'kamwa mwa mayi polankhula ndi mwana wake. “Get” ali m'gulu limeneli. Adachokera kwa mneni wa Old Norse “geta”, amene ankatanthauza kupeza, kubala, ndiponso kupenekera.

Sikuti Angerezi adalibiretu mawu ofanana nawo. Tsinde lomweli adali nalo, “gietan”, koma silinkayenda lokha. Linkapezeka litaphatikizidwa ndi kena kake kumayambiriro: “forgietan”, kuiwala, “begietan”, kupeza, “ongietan”, kuzindikira. Apa pali chinthu chimene chingakuthandizeni pophunzitsa katchulidwe. M'Chingerezi chakale “g” woyandikana ndi “e” kapena “i” adafewa n'kumamveka ngati “y”, pomwe kwa ma Viking adakhalabe wolimba, ngati wa m'mawu athu akuti galu. Geoffrey Chaucer, mlakatuli wa ku London amene adamwalira mu 1400, ankalembabe “foryete” ndi “yeve” pamene lero timalemba “forget” ndi “give”. Katchulidwe ka kumpoto kadatsika pang'onopang'ono mpaka kudzagonjetsa ka ku London. Ndiye mwana akakufunsani chifukwa chimene “gentle”, “general” ndi “giant” amayamba ndi liwu la “j” pomwe “get” ndi “give” ayi, muuzeni kuti oyambawo adadzera ku Chifalansa, enawa katchulidwe kawo nka ku Scandinavia.

M'zolembedwa, “get” woyenda yekha amayamba kuoneka cha m'ma 1200. Limodzi mwa mabuku oyamba kukhala naye ndi Ormulum, maulaliki olembedwa mwandakatulo ndi wansembe wina wa ku Lincolnshire, m'kati mwa Danelaw, dzina lake Orm, lomwenso ndi dzina la ku Scandinavia. Musadabwe kuti padapita zaka zoposa 300 chikhazikikire obwerawo. Olemba ankatsata kalembedwe ka ku Wessex, kenako Chilatini ndi Chifalansa, ndipo mawu a kumudzi ankachedwa kufika papepala.

Mpikisano wa mawu a kumpoto ndi a kumwera udatenga nthawi. William Caxton, amene adayambitsa kusindikiza mabuku ku England mu 1476, adalemba mu 1490 za amalonda ena amene chombo chawo chidaima kugombe la Kent podikira mphepo. Mmodzi wa iwo adalowa m'nyumba ina kukafuna chakudya, n'kupempha “eggys”. Mayi wa m'nyumbamo adayankha kuti iye Chifalansa sachidziwa. Wamalondayo adapsa mtima, poti nayenso Chifalansacho sankachidziwa, ankangofuna mazira basi. Mnzake atatchula kuti “eyren”, mawu a kumwera, m'pamene mayiyo adamva. Caxton adadandaula kuti nanga tsono wosindikiza mabuku alembe ati. “Egg” wa ma Viking ndiye adapambana, monga adapambanira “get”.

Tikakumba kupitirira ma Viking timafika pa chilankhulo chimene sichidalembedwepo, kholo la Chingerezi, Chilatini, Chigiriki ndi Chihindi, chimene akatswiri adachilumikiza poyerekeza zidzukulu zake. Tsinde la mneni wathuyu amalilemba “ghed” kapena “ghend”, kugwira. Ku Chilatini lidabala “prehendere”, kugwiranso komweko, ndipo kuchokera apo Chingerezi chidadzalandira “apprehend”, “comprehend”, “prison”, “apprentice” ndi “surprise”. Abale athu a ku Tete ndi ku Niassa amene adaphunzira m'Chipwitikizi ali nalo tsinde lomweli mu “prender”, kumanga munthu, “aprender”, kuphunzira, ndi “compreender”, kumvetsa. Choncho mwana wonena kuti “I don't get it” ndi pulofesa wonena kuti “I do not comprehend” akunena chinthu chimodzi ndi mawu a fuko limodzi: sindinachigwire. Ifenso timati sindinatolepo kanthu. “Forget” ndi kutaya chimene udagwira. Chijeremani chimati “vergessen”, Afrikaans ya ku South Africa imati “vergeet”. Ku Iceland, kumene chilankhulo chidasunga zambiri za Old Norse, “geta” adakhotera kwina. Lero amatanthauza kutha kuchita chinthu, moti “ég get” ndi kunena kuti ndingathe.

Tsopano za m'kalasi. Langizo langa n'lakuti ana asamayang'ane “get” yekha, aziyang'ana chimene chabwera pambuyo pake. Mneniyu payekha amangonena kuti pali kusintha, chimene padalibe chafika. Chomutsatiracho ndicho chimaulula kuti kusinthako n'kotani.

Pakatsatira dzina, tili pa tanthauzo lakale lija. Poyamba linkanena kupeza chinthu mochikhetsera thukuta. Baibulo la Chingerezi la King James la mu 1611, pa Miyambo 4:7, limati “get wisdom: and with all thy getting get understanding”, ndipo apo akunena nzeru yochita kufunafuna. Koma m'kupita kwa nthawi thukutalo lidauma. “She got a job”, mwina adavutikira. “She got a letter”, adangolandira. “She got malaria”, sadapemphe n'komwe. “He got five years” ndi chilango cha kukhoti. Kwa ife izi si zachilendo, poti timatenga khasu, timatenga matenda, mayi amatenga pakati, mneni yemweyo. M'gulu lomweli muli kugula, kukatenga ndi kukwera: “get some sugar”, “get me a chair”, “get the bus”. Tanthauzo la kukatengali lidalowa ndi m'makina momwe. Foni yanu ikamatsegula tsamba pa intaneti imatumiza lamulo lolembedwa kuti GET, ndipo m'ndondomeko yoyamba ya HTTP, njira imene makina amapempherana masamba a pa intaneti, imene adakonza Tim Berners-Lee mu 1991, lamulo lidali lokhalo.

Tanthauzo la kubala lija lidatsalira mu “beget”. Pamutu woyamba wa Mateyu, pamene ife timawerenga kuti Abrahamu anabala Isake, King James imati “Abraham begat Isaac”. Ku Scotland ndi kumpoto kwa England dzina lakuti “get” linkatanthauza mwana, kenako mwana wapathengo, ndipo ndimo mudachokera mawu otukwanira a ku Britain akuti “git”. Amenewo ana anu asawatole.

Pakatsatira malo kapena kamawu kolozera njira, “get” amasanduka mneni wa ulendo. Kugwirizana kwake ndi tanthauzo la kutenga kukuoneka bwino m'Baibulo lomwelo. Pa Genesis 12:1 Mulungu akuuza Abramu kuti “Get thee out of thy country”. “Thee” ameneyo ndi iwe: dzitenge wekha, udzitulutse m'dziko lako. Munthu amene angathe kutenga mbuzi n'kuitulutsa m'munda, “get the goat out of the garden”, angathenso kudzitulutsa yekha. Mukachotsa mlowam'maloyo patsala “get out”, “get home”, “get to Blantyre”. Kusiyana kwake ndi “go” n'kwakuti “go” amayang'ana kunyamuka ndi kuyenda, pomwe “get” amayang'ana kufika, kawirikawiri pambuyo pa kavuto kena. “We went to Mzuzu” ndi nkhani ya ulendo chabe. Koma munthu akati “we got to Mzuzu at midnight”, mwamva kale kuti basi idachedwa panjira. N'chifukwa chake wofunsa njira amati “How do I get to the hospital?”

Apa m'pamene pamachokera chimulu chija chodzaza dikishonale: “get up”, “get down”, “get in”, “get off”, “get over”, “get through”, “get away”, “get by”. Ana asachiloweze ngati mndandanda. Yambani ndi thupi. Mwana aimirire, akwere pabenchi, atsike, adumphe chingwe, inu mukutchula “get up, get on, get off, get over”. Akagwira zimenezi, matanthauzo okuluwika savutanso. Wodumpha mpanda “gets over the fence”. Wochira matenda, kapena woiwala chibwenzi chimene chidatha, “gets over it”, wadumpha. Wakuba wothawa ndi katundu “gets away with the goods”. Wochita choipa osalangidwa “gets away with it”. Wodutsa movutikira pamalo opanikiza “gets by”, ndipo banja limene malipiro ake amangokwana ufa ndi lendi nalonso “gets by”. Chofunika kungoloweza n'chakuti galimoto yaing'ono timati “get in”, koma basi, sitima, ndege ndi njinga timati “get on”.

Gawo limene ndikufuna mukhalitsepo ndi ili, chifukwa Chichewa chikupatsani mwayi umene mphunzitsi wa ku London alibe. Pakatsatira mfotokozi, “get” amatanthauza kulowa mu mkhalidwe wina: “get tired”, “get angry”, “get dark”, “get old”. Ndi ulendo womwe uja, kungoti kofikako si malo koma mkhalidwe. Chingerezi chimasiyanitsa kukhala mu mkhalidwe, ntchito ya “be”, ndi kulowamo, ntchito ya “get”. Ife aneni athu ambiri kulowako ali nako kale m'kati mwawo. Kutopa ndi “get tired”, osati “be tired”. N'chifukwa chake munthu wotopa pakali pano amati ndatopa, ngati kuti zachitika kale, ndipo akati ndikutopa ndiye kuti kutopako kukubwera kumene. Gawani bolodi pawiri. Ndatopa, “I am tired”. Ndikutopa, “I am getting tired”. Kunja kwada, “it is dark”. Kunja kukuda, “it is getting dark”. Agogo akalamba, “grandmother is old”. Akukalamba, “she is getting old”. Nsima yazizira, “the nsima is cold”. Ikuzizira, “it is getting cold”. Kenako afunseni apitirize okha ndi kukwiya, kunenepa, kudwala, kuledzera, kunyowa. Sapita patali asanaone kuti “get” ndi kachidutswa kamene Chingerezi chimachita kuwonjezera kuti chinene zimene mneni wathu amanena yekha. Cholakwa chofala chija cha “she is married last year” chimathera pomwepo. Adakwatiwa chaka chatha ndi kulowa m'banja, “she got married last year”. Ali pabanja ndi kukhalamo, “she is married”.

Kuchoka pa “get tired” ndi “get married” n'pafupi kufika pa “get arrested”, “get fired”, “get paid”, umene ndi msintho wochitidwa wopangidwa ndi “get” m'malo mwa “be”. Umayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1600, koma udafala kwenikweni kuyambira m'ma 1800, ndipo mpaka lero umamveka kwambiri pakamwa kusiyana ndi papepala. Sufanana ndendende ndi wa “be”. “The window was broken” angatanthauze kuti zenera lidali losweka kale kapena kuti wina adaliswa. “The window got broken” ndi chochitika basi, woswayo wabisala. Ndicho chiganizo cha mnyamata amene wamenya mpira pazenera n'kubwera kudzanena kuti galasi lasweka, osati ndaswa. Kawirikawiri msinthowu umanena zogwera munthu, makamaka zoipa, ndipo nthawi zina umaloza chala wogweredwayo. “He was arrested” ndi nkhani ya m'nyuzipepala. “He got himself arrested” ndiye kuti adaziyamba dala. Sugwirizana ndi aneni a mkhalidwe wokhalitsa, moti “she gets liked by everyone” sichimveka bwino, pafunika “she is liked”.

Pakatsatira munthu kapena chinthu, kenako mneni wina, mwafika pa msintho wochititsa, “-itsa” ndi “-etsa” wathu uja. Ndakonzetsa njinga, “I got my bicycle repaired”. Ndikukametetsa, “I am going to get my hair cut”. Mwana akalemba “I cut my hair” zimamveka ngati adadzimeta yekha. Ndidawasainitsa abambo, “I got my father to sign”, ndipo apa muli kafungo ka kunyengerera, kusiyana ndi “I made him sign” mmene muli kukakamiza. Ana aone kuti “get” amafuna “to” pomwe “make” safuna. Palinso “get to” wa mwayi: “I got to see the lake”, ndidapeza mwayi woona nyanja.

“Have got” amasokoneza ndi aphunzitsi omwe. Maonekedwe ake ndi a chinthu chochitika kale, ndapeza, koma tanthauzo lake ndi la tsopano, ndili nacho. Njira yake ndi yomwe ija ya ndatopa: amene wapeza chinthu ali nacho. Kanenedwe aka kadayamba kumveka m'nthawi ya Shakespeare, ndipo Samuel Johnson m'dikishonale yake ya mu 1755 adalemba kale kuti kunena kuti munthu “has got” chuma sikutanthauza nthawi zonse kuti adachita kuchipeza, mwina kungoti ali nacho. Lero munthu amati “I've got two brothers”, chonsecho abalewo sadawatole paliponse. China chimene chidathandiza kukafalitsa n'chakuti “have” polankhula amafota n'kutsala kaliwu kosamveka bwino ka “I've” kapena “he's”, ndiye “got” amanyamula mphamvu ya chiganizo. Pa “have to” padachitikanso zomwezo n'kubadwa “have got to”, kuyenera, amene m'nyimbo amamveka kuti “gotta”. Ana adziwe kuti “have got” wa kukhala nacho ndi wa nthawi ya tsopano, kale lake ndi “had” basi. Funso lake ndi “Have you got a pen?” kapena “Do you have a pen?”, asasakanize n'kupanga “Do you got”.

“Gotten” wa m'mafilimuyo sadamupeke anthu a ku America, ngwakale kuposa dziko lawolo. M'zaka za m'ma 1300 mneniyu ankayenda “get, gat, geten”, ndipo “gat” akupezekabe mu King James, pa Genesis 19:27: “Abraham gat up early in the morning”. Lembo la “o” lidalowa potengera aneni onga “break, broke, broken” ndi “steal, stole, stolen”, n'kukhala “got, gotten”. Pamene Angerezi ankakakhazikika ku America, ku Jamestown mu 1607 ndi ku Plymouth mu 1620, pambuyo pa “have” pankamveka “got” komanso “gotten”, ndipo adawoloka nawo nyanja onse awiri. Ku Britain “gotten” adazilala m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, n'kutsalira mu “forgotten”, “begotten” ndi “ill-gotten gains”, chuma chopeza mwachinyengo, komanso m'malankhulidwe a madera ena akumpoto. A ku America adasunga onse awiri n'kuwagawira ntchito: “I've got a car”, ndili ndi galimoto; “I've gotten a car”, ndapeza galimoto. Kunena zoona, pamenepa iwo adasunga chida chimene a ku Britain adataya. Komabe Chingerezi cha m'sukulu zathu chimatsata cha ku Britain, choncho ana amudziwe “gotten” akamumva, koma pamayeso alembe “got”.

Tsono za aphunzitsi anu aja ochotsa malikisi. Sadaziyambe okha. Kuyambira m'zaka za m'ma 1700 ku Britain kudali olemba mabuku a galamala amene ankalemekeza mawu ochokera ku Chilatini kuposa mawu a pakhomo, ndipo “have got” ankamuda kwambiri, amati “got” pamenepo alibe ntchito. Maganizo amenewo adalowa m'sukulu za kumeneko, ndipo maphunziro athu adatengera komweko.

Mfundo yawo ili ndi mbali yoona. Popeza “get” amakwana paliponse, mwana angathe kumaliza chimangirizo chonse ndi mneni mmodzi: “I got up late, got dressed, got some tea, got a minibus, got to school at nine and got punished.” Chiganizo chimenecho chilibe cholakwa cha galamala ndi chimodzi chomwe, ndipo Mngerezi angachinene osaonapo vuto, koma sichikuonetsa ngati mwanayo amadziwa “drank”, “boarded” kapena “arrived”. M'kalata yofunsira ntchito, “I obtained my MSCE in 2022” ndi “I received your letter” zimakhala bwino kuposa “got”. Mpaka apo ndikugwirizana nawo.

Posiyana nawo ndi pamene amati n'Chingerezi cholakwika kapena chaulesi. Pa mndandanda wa aneni ogwiritsidwa ntchito kwambiri, umene a Oxford adapanga powerengera mawu a m'zolembedwa zambirimbiri, “get” ali pa nambala 5, pambuyo pa “be”, “have”, “do” ndi “say”, ndipo m'macheza a pakamwa ndimo amachulukiratu. Mwana woopsezedwa kuti asamukhudze amayamba kulemba zimene mwini chilankhulo sanganene: “I acquired malaria”, “I obtained a headache”, “I obtained a letter from my mother”. Vuto n'lakuti aliyense wa aneni ochokera ku Chilatini ndi Chifalansawo amangophimba kagawo kake. “Obtain” amafuna kuti munthu achite kufunafuna, “receive” amafuna wopereka, “purchase” amafuna ndalama, “arrive” amafuna malo. “Get” safunsa zimenezo. Kumuletsa osaphunzitsa malire a enawo ndi kungosintha cholakwa china ndi chinzake choipirapo.

Yesani izi ndi Fomu 2 yanuyo. Apatseni chiganizo cha minibasi chija, asinthe “got” aliyense ndi mneni wina popanda kusintha tanthauzo. Pa tiyi, pa minibasi ndi pa kufika kusukulu sachedwa. Pa “got punished” apeza “was punished”, pa “got dressed” apeza “dressed”. Pa “got up” ambiri alemba “woke up”, ndipo umenewo ndi mpata wowaonetsa kuti kutsegula maso ndi kuchoka pamphasa n'zosiyana: munthu angathe “wake up” 5 koloko koma “get up” 6 koloko. “Rose” ndi “arose” alipo, koma amamveka achikale. Akatha, apatseni “get rid of”, “get ready”, “get married” ndi “get lost” ayeserenso, ndipo apeza kuti ena amasinthika movutikira, ena akasinthidwa amamveka ngati chikalata cha kuboma. Pa womalizayu muwachenjeze bwino. “I got lost” ndi ndidasochera, koma “Get lost!” ndi kupirikitsa munthu mwachipongwe.